Kudzuka Pamphasa: Moyo wa Munthu Atapyola m'Matenda ndi m'Masautso

Aliyense amene adalawirirapo m'mamawa kupita ku chipatala cha boma cha Mwanza adziwa khamu limene limadzaza makonde dzuwa lisanatenthe: amayi ndi abambo ochokera ku Thambani, kwa Kunenekude ndi ku Tulonkhondo, ena atatsika pa kabaza, ena atayenda wapansi chilirire tambala woyamba, aliyense atafumbata kabuku kake ka kuchipatala kokulungidwa m'pepala la pulasitiki kuopa mvula ndi thukuta. Pakati pawo pali ambiri amene sadabwere chifukwa cha malungo kapena chilonda cha khasu, zimene zimapola n'kuiwalika, koma chifukwa cha matenda amgonagona: shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, mphumu, kufa kwa ziwalo, ndi kachilombo ka HIV. Awa adauzidwa mawu olemera, akuti mankhwala alipo, koma adzamwa moyo wawo wonse.

Tsono mukakhala nawo pang'ono ndi kutchera khutu, mudzaona chinthu chodabwitsa. Anthu awiri angathe kukhala ndi nthenda imodzi, kumwa mankhwala amodzimodzi, kuchokera m'mudzi umodzi ndi kusauka mofanana, koma wina n'kukhala wozyolika, wosafuna kuti womudziwa amuone, wolankhula za moyo wake monga chinthu chimene chidatha kale. Pamene mnzakeyo ndiye akulonjera onse, akulangiza wobwera kumene za kamwedwe ka mankhwala, ndipo mukamufunsa modekha adzakuuzani mawu ovuta kuwakhulupirira, akuti iye adayamba kuudziwa moyo atadwala. Sanena kuti matenda ndi abwino. Akadapatsidwa mwayi akadawabweza lero lomwe. Chimene anena ndi chakuti munthu amene adatuluka m'ng'anjo ija si yemwe adalowamo, ndi kuti pali zina mwa munthu watsopanoyo zimene sangafune kuzitaya. Nkhani ino ifuna kulondola njira imene anthu otere amayenda, ndi kuona chifukwa chake ena amafika ndipo ena amatsalira.

Chimene matenda amathyola

Akuluakulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza; ndipo ngakhale mwambiwu tiudziwa tonse, palibe amene amadzuka m'mawa akuganiza kuti unena za iye. Munthu wathanzi amayenda ndi zikhulupiriro zina zimene sazitchula n'komwe, pakuti adakula nazo: kuti thupi lake lidzamumvera, kuti mawa lidzafanana ndi lero, ndi kuti wochita zabwino sizimugwera zoipa popanda chifukwa. Katswiri wina wa maganizo a anthu wa ku America, mayi Ronnie Janoff-Bulman, adalemba mu 1992 kuti tsoka lalikulu limapweteka kwambiri chifukwa limaphwanya zikhulupiriro zimenezi. Ndipo zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1982, Michael Bury wa ku England, atacheza ndi odwala nyamakazi, adaonetsa kuti matenda okhalitsa amadula mbiri ya moyo wa munthu pakati, kotero kuti zimene ankayembekeza kudzakhala sizilumikizananso ndi zimene ali.

Kuno kwathu sitisowa buku kuti tione zimenezi. Bambo amene mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi sangathenso kupalira nandolo wake, ngakhale kukweza dengu la manachesi pa njinga kupita nalo kumsewu. Ndipo m'midzi ya chikamwini, kumene ulemu wa mwamuna uli m'khasu lake ndi m'nyumba imene adamanga, sichachilendo kumva kuti wodwala wabwezedwa kwawo kuti akamusamale abale ake. Mtsikana wa khunyu amaletsedwa kuphika pamoto ndi kutunga madzi yekha, anzake amathawa akagwa poganiza kuti malovu ake apatsira, chimene sichoona ngakhale pang'ono, ndipo amene akadamufunsira mbeta amabwerera panjira. Wodwala shuga amakhala pa ukwati kapena pa maliro akuyang'ana thobwa ndi tiyi zimene sangamwe monga kale. Motero pamodzi ndi thanzi, munthu amataya malo ake pakati pa anthu, ndipo kutaya kwachiwiriku nthawi zambiri kumawawa koposa koyamba.

Pamenepo m'mtima mumabadwa mafunso awiri amene mtundu uliwonse wa anthu udafunsapo: ndalakwanji, ndipo wandichita ndani? Sindifuna kunyoza wofunsa chotere, pakuti mtima wa munthu sulola kuti chinthu chachikulu chichitike popanda tanthauzo. Koma ndiyenera kunena mosabisa kuti yankho lofulumira, lija lotchula azakhali kapena agogo kuti ndiwo mfiti, ladula mabanja ambiri pa nthawi yomwe wodwala adasowa abale ake koposa, latha mbuzi ndi nkhuku zimene zikadalipira ulendo wa kuchipatala, ndipo lasiya nkhalamba zosalakwa zikulira. Funso la tanthauzo ndi loyenera. Chofunika ndi kulipatsa nthawi kuti lipeze yankho losapha wina.

Mabala amene diso siliona

Boma la Mwanza lili m'malire, ndipo malire adaonetsa anthu ake zinthu zambiri. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko la Malawi lidalandira othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo zikwi zambiri za iwo zidatulukira kuno kudzera ku Zobue ndi m'tinjira tam'tchire. Msasa wa Luwani, umene lero uli m'boma la Neno, udali m'Mwanza momwemu, pakuti Neno adapatulidwa mu 2003. Mfuti zitaliranso m'chigawo cha Tete chakumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016, anthu pafupifupi 10,000 adaunjikana pa mudzi wa Kapise, kufikira msasa wa Luwani udatsegulidwanso. Ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza maboma a kummwera, Mwanza ali pakati pawo. Ambiri amene adapulumuka zimenezi alibe chipsera pakhungu, koma si onse amene adapola.

Umu ndi mmene zimachitikira. Mu ubongo muli kachigawo kamene ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Kakangomva choopsa kamalamula kuti m'magazi mutsanulidwe timadzi tina, monga ta adrenaline, timene timathamangitsa mtima, kufulumiza mpweya ndi kukunga minofu, kuti munthu athawe kapena alimbane. Ngozi ikapita zonse zimayenera kubwerera m'malo mwake, ndipo kwa anthu ochuluka zimaterodi pakapita masabata kapena miyezi yowerengeka, makamaka ngati ali pa malo otetezeka ndi pakati pa owakonda. Koma kwa ena chenjezo lija silileka. Munthu amalota zomwe zija usiku ndi usiku; tayala la thiraki likaphulika pa msewu wa M6 amadzigwetsa pansi asanaganize; mvula ikangoyamba kugunda pa malata tulo timathawa; amapewa njira, fungo kapena nkhope imene imukumbutsa; amapsa mtima msanga, kapena mtima umachita dzanzi kotero kuti sakondwa ngakhale ndi ana ake; ndipo ena amafuna tulo m'kachasu. Madokotala a ku America adalipatsa vutoli dzina mu 1980, ataona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo m'zipatala limadziwika ndi zilembo zakuti PTSD. Si misala, si kufooka kwa mtima, ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ngati zizindikiro zotere zapitirira mwezi ndipo zikulepheretsa munthu kugwira ntchito kapena kukhala bwino ndi banja, ndi nkhani yopita nayo kuchipatala.

Pali bala lina limene dzina la boma lino lidasenza pamaso pa dziko lonse. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani, ndipo mtundu udauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto. Mabanja awo sadaloledwe kutsegula mabokosi kapena kulira monga mwambo ufuna, ndipo padapita zaka zoposa khumi kufikira bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Michael Mtegha, limene lidakhazikitsidwa mu 1994, lidanena poyera kuti anthuwo adachita kuphedwa. Mlandu umene udatsatira udatha mu Disembala 1995 oimbidwa mlandu atamasulidwa. Ndatchula nkhaniyi chifukwa iphunzitsa chinthu chimene chili choona m'nyumba iliyonse: chisoni choletsedwa kutchulidwa sichichepa ndi zaka, ndipo wovulazidwa amasowa kuti wina avomere kuti chimene chidamuchitikira chidachitikadi, asanayambe kuganiza za china chilichonse.

Zimene ophunzira adapeza

Viktor Frankl adali dokotala wa matenda a maganizo mu mzinda wa Vienna. Popeza adali Myuda, a chipani cha Nazi adamutenga mu 1942, nakhala m'misasa yachibalo, kuphatikizapo Auschwitz, kufikira 1945; adatuluka n'kupeza kuti atate ake, amake, mbale wake ndi mkazi wake onse adafa. M'buku limene adatulutsa mu 1946 adafotokoza kuti munthu amatha kupirira zazikulu ngati ali ndi chifukwa chokhalira moyo, ndi kuti chifukwacho chimapezeka m'ntchito imene ikumudikira, mwa munthu amene amamukonda, ndiponso, pamene zonse zatsekeka, m'mene asankhira kusenza chowawa chimene sangachichotse. Anthu ambiri amakumbukira mfundo yotsirizayi n'kuiwala mnzake, yakuti chowawa chimene chingachotsedwe chiyenera kuchotsedwa, pakuti kuvutika dala si ukulu.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990, akatswiri awiri a pa sukulu yaukachenjede ya North Carolina ku Charlotte, Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun, atamva maumboni a ofedwa, olumala ndi opulumuka ngozi, adatcha kusintha kwabwino kumene adapeza mwa ena a iwo kukula kwa pambuyo pa zoopsa, naona kuti kumaonekera m'malo asanu. Munthu amayamba kuwerengera zazing'ono zimene kale ankazipondereza, monga kudzuka wopanda ululu ndi kudya nsima n'kuimva kukoma. Amadziwa abwenzi ake enieni, pakuti matenda amapeta anthu, ndipo chifundo chake pa ovutika chimakula. Amazindikira kuti ali ndi mphamvu imene sankaidziwa, ngakhale adziwanso tsopano kuti ndi wosweka msanga. Amaona njira zina za moyo zimene akadapanda kugwa sakadaziyang'ana. Ndipo chikhulupiriro chake chimasintha: mwa ena chimazama, mwa ena chimavula zina zimene adangolandira osaganiza.

Koma mfundo yawo yaikulu, imene ndiifuna kuti owerenga aigwiritse, ndi yakuti kukulako sikuchokera m'tsoka lenilenilo ayi, koma m'kulimbana nalo. Alimi a manachesi a kuno adziwa bwino ntchito yomezanitsa mitengo: amatenga mbande ya ndimu, yolimba mizu koma ya zipatso zowawasa, naicheka, nalowetsamo diso la nachesi, namanga pabalapo ndi kapulasitiki mwamphamvu. Palibe mlimi amene anganene kuti mpeni ndiwo ubala zipatso, pakuti mbande yochekedwa n'kusiyidwa sibala manachesi. Chobala ndicho chimene chaikidwa pabala, kamangidwe kake, madzi ndi nthawi. Ndipo ngakhale mlimi waluso adziwa kuti si mbande zonse zimene zimagwira.

Kulimbanako kuli m'maganizo. Poyamba maganizo amabwera okha osaitanidwa, amazungulira pamodzimodzi ndi kulanda tulo, ndipo kumeneku ndiko anthu amati kuganiza kwambiri. Koma ululu ukachepa ndipo pakapezeka womvetsera, munthu amayamba kuganiza mwadala: chatsala m'manja mwanga n'chiyani, ana awa adya chiyani, masiku amene ndapatsidwa ndichita nawo chiyani? Funso lakuti chifukwa chiyani ine silichoka kwathunthu, koma limapatsa malo funso lakuti nanga tsopano.

Amene adauka

Umboni waukulu wa zimenezi m'dziko lathu ndi wa anthu okhala ndi kachilombo ka HIV, ndipo Mwanza, pokhala pa msewu wa mathiraki opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg, adauona ndi maso. Edzi idazindikirika koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri kupezeka ndi kachilomboka kudali ngati kuwerengedwa kale pakati pa akufa. Anthu ankaopa ngakhale dzina lake, nati kaliwondewonde, nati matenda a boma. Pa maliro ankangoti adadwala nthawi yaitali. Mankhwala otalikitsa moyo adalipo, koma ogula ndi ndalama m'zipatala zazikulu za m'mizinda, kumene mlimi wa kwa Nthache kapena kwa Govati sakadafika. Mu Febuluwale 2004 Pulezidenti Bakili Muluzi adaulula poyera kuti mbale wake adamwalira ndi Edzi, ndipo m'chaka chomwecho boma, mothandizidwa ndi thumba la Global Fund, lidayamba kupereka ma ARV kwaulere. Lero Amalawi oposa 900,000 akumwa mankhwalawa, ndipo zaka zimene mwana wobadwa m'dziko lino ayembekezeka kukhala ndi moyo zidakwera kuchoka m'ma 40 kufika zoposa 60.

Amene adalipo masiku amenewo akumbukira anthu amene adanyamulidwa pa machira kapena pa ngolo, atagawa kale zovala zawo ndi kutumiza ana kwa amalume, amene patapita miyezi yowerengeka adaoneka ali kumunda ndi khasu. Malembo amatiuza za Lazaro wa ku Betaniya kuti adatuluka m'manda, koma satiuza zambiri za mmene adakhalira pambuyo pake. Ndipo funso limenelo ndilo lidagwera anthu awa. Adauka n'kupeza mbuzi zidagulitsidwa, munda udabwereketsedwa, mwamuna kapena mkazi adagona kale kumanda, ndipo m'mudzi ena akuwanong'oneza kuti ndi maliro oyenda. Mankhwala adabweza thupi, koma sakadabweza okha chifukwa chokhalira moyo.

Chimene chidawathandiza ambiri chidali kusonkhana. Bungwe la NAPHAM, la anthu okhala ndi kachilomboka, lidayamba mu 1993, mankhwala asanafike, pamene kuima pagulu n'kunena kuti ine ndili nako kudali kulimba mtima kosaneneka. Ndipo pambuyo pake magulu othandizana adafalikira m'midzi, m'mipingo ndi pa zipatala zazing'ono. M'magulu amenewa anthu amalima dimba limodzi, amapatsirana mbuzi, amasunga ndalama ku banki mkhonde, amayendera mnzawo amene wagona. Koma choposa zonse, munthu amamva nkhani yake ikutuluka m'kamwa mwa wina, nadziwa kuti sali yekha, pakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ena adapitirira apo, nakhala othandiza pa zipatala: amayeza anzawo pa sikelo, amalangiza wongouzidwa kumene zotsatira, amakwera njinga kukafuna amene wasiya kubwera kudzatenga mankhwala. Dokotala angathe kufotokoza bwino za chitetezo cha m'thupi, koma mawu akuti inenso ndidakhala pa mpando womwewu ndikulira, taonani lero, angawanene ndi iye yekha amene adakhalapodi. Pamenepa chinthu chimene chidali manyazi chidasanduka ukatswiri, ndipo munthu amene mudzi udamuchotsa m'chiwerengero adapezanso ntchito imene wina sangaigwire.

Mu 2011 Malawi adakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndi kupitiriza moyo wonse, njira imene maiko ena adatsatira pambuyo pake. Funsani amayi amene adayenda njirayi kuti chidawalimbitsa n'chiyani pa masiku a nseru ndi chizungulire, ndipo ambiri adzaloza mwana amene adayezedwa n'kupezeka alibe.

Kwa anansi athu a ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lidayamba kugwira ntchito ndi boma mu 2007, lidatenga maphunziro a HIV n'kuwafalitsa ku matenda ena, kotero kuti wa shuga, wa khunyu, wa kuthamanga kwa magazi ndi wa ma ARV amaonedwa pa kiliniki imodzi, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi amawayendera kunyumba. Ine ndiona kuti apa ndi pamene ntchito yatsalira m'madera ambiri: wodwala shuga kapena wofa ziwalo kawirikawiri alibe gulu, alibe mnzake womutsogolera, ndipo mankhwala ake akasowa amagula yekha kapena kukhala osamwa. Nzeru imene anthu a HIV adaigula ndi misozi siyenera kutsekeredwa pa nthenda imodzi.

Abwenzi a Yobu

Tsopano ndiyenera kuchenjeza, pakuti chiphunzitso chabwino chikagwidwa molakwika chimasanduka chikwapu. Abwenzi atatu a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa cha masautso ake. Ife timachita zomwezo pamene tiuza mayi amene waika mwana dzulo kuti zonse zimachitika ndi cholinga, kapena wodulidwa mwendo kuti athokoze poti winawo watsala. Tanthauzo la chowawa sapatsidwa munthu ndi wina. Mwini wake ndiye amalipeza, pa nthawi yake, ndipo mwina salipeza konse. Amene sadakule ndi matenda ake, amene angopirira tsiku ndi tsiku, alibe mlandu kwa wina aliyense. Ofufuza ena adaonanso kuti si onse onena kuti asintha amene asinthadi, pakuti ena amanena zimene omvera afuna kumva. Ndipo ngakhale mwa amene akuladi, chisoni sichichoka, chimakhala pamodzi ndi kukulako.

Sitiyeneranso kuiwala njala. N'kovuta kusinkhasinkha za tanthauzo la moyo pamene mankhwala afuna chakudya ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu, kapena pamene amene adakuchita chipongwe akugona m'nyumba yomweyo. Choyamba ndi chitetezo, chakudya, mankhwala ndi kuchepetsa ululu. Ndipo ngati munthu wakhala masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa tsiku lonse, wosakondwa ndi chilichonse, wosadya, wosagona, wodziona wopanda pake, ameneyo akudwala nthenda ya kukhumudwa, imene ili ndi chithandizo monga nthenda ina iliyonse; akayamba kunena zodzipha, asasiyidwe yekha, aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu akuti mwamuna salira aika abambo ambiri m'manda. Pemphero limalimbitsa mtima, ndipo ambiri mwa amene adadzuka amachitira umboni za ilo. Koma aliyense wouza wodwala kuti ataye ma ARV kapena mankhwala a khunyu poti wachiritsidwa akuika moyo wa mnzake pa chiswe.

Kulankhula ndi kukhala chete

Kodi tsono wovulala mtima ayenera kufotokoza zonse kuti apole? Yankho silili limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, mayi Alcinda Honwana, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa m'dzikomo, adalemba za miyambo imene midzi idalandirira nayo anyamata obwera kunkhondo: zovala za kutchire zinkatenthedwa, mnyamata ankasambitsidwa ndi mankhwala, mizimu ya makolo inkauzidwa kuti mwana wabwera, ndipo pambuyo pake nkhaniyo sinkakambidwanso. Kumeneko kupola kudali m'kulandiridwa. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya m'dzikomo, potsata masomphenya a mneneri Yesaya, adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri adadula mfutizo n'kupanga ziboliboli, zina mwa izo zili ku British Museum ku London. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO nalonso limalangiza kuti munthu wongopulumuka kumene choopsa asakakamizidwe kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, pakuti kutero sikuthandiza.

Komabe pali nthawi imene mtima umafuna khutu. Ku Harare, kuyambira cha m'ma 2006, dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa maganizo, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kulipezera njira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti ocheza ndi agogowo adapeza bwino koposa olandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi. Kusiyana kwa njira ziwirizi si kwakukulu monga kuonekera. Chisoni choletsedwa, monga cha mabanja a ophedwa ku Thambani aja, chimadwalitsa. Chete wosankha yekha mwini wake, pakati pa anthu odziwa ndi ovomereza, angathe kuchiza. Makolo athu adadziwa kuti chisoni chili ndi makwerero, n'chifukwa chake adaika tsiku la kuika, tsiku la kumeta, ndi chikumbutso patapita nthawi. Wodwala matenda amgonagona naye wafedwa, pakuti munthu amene adali kale wapita, koma iye alibe mwambo womulirira, ndipo abale ayenera kumulola kudandaula popanda kumudula mawu ndi chilimbikitso chofulumira.

Pali gulu limodzi limene mabuku ndi maulaliki amalilumpha, ndilo la osamalira odwala. Kuseri kwa chipatala chilichonse cha boma kuli khumbi la magadiyani, kumene amayi amaphika pa mafuwa, amachapa nsalu za wodwala ndi kugona pa simenti masabata ambiri, munda uli wosapalira kumudzi; ndipo kunyumba kuli ana asukulu amene amatembenuza agogo ofa ziwalo asanapite m'kalasi. Awa nawonso amasowa tulo, amakwiya n'kudziimba mlandu chifukwa cha mkwiyowo, ndipo wodwala akachira kapena akamwalira iwo amatsala osadziwa poyambira. Zonse zanenedwa m'nkhani ino zikhudza iwonso. Wopita kukazonda matenda afunse wodwala mmene wagonera, kenaka atembenuke afunsenso amene akumusamalayo, ndipo ngati n'kotheka amulandire ntchito usiku umodzi kuti akagone kwawo.